Kodi Tinalekezera Pati? Mmene Chatbot Imakumbukirira Macheza

Aliyense amene amagula mayunitsi a magetsi pa foni amaudziwa mpikisano wake. Mwaimba *211# kapena *444#, mwasankha zolipira mabilu, mwasankha magetsi, foni yafunsa nambala ya mita. Nambalayo munailemba kuseri kwa kalendala, kalendalayo ili kuchipinda. Pofika kumeneko n'kuyamba kudina manambala, zonse zazimiririka, yambiraninso. Timati netiweki yavuta, koma kawirikawiri netiweki imakhala ilibe mlandu. Chatha ndi seshoni, kanthawi kamene makina amalola kukudikirani uku akukumbukira pamene mwafika.

Kale nkhani ya seshoni inali ya mainjiniya a makampani a foni ndi a mabanki okha. Lero mnyamata amene waphunzira zamakompyuta ku MUBAS pa Chichiri, kapena mtsikana wodziphunzitsa yekha pa laputopu yakaunjika ku Chilomoni, angathe kulemba chatbot ya pa WhatsApp yolandira maoda a nkhuku, youza makolo fizi yotsala, kapena yolemba masheya a banki mkhonde. Kuiphunzitsa kuyankha funso limodzi ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mutu umayamba kuwawa pa uthenga wachiwiri, pamene bot iyenera kudziwa kuti amene walemba "2" uyu ndani, akuyankha funso liti, ndipo funsolo anafunsidwa liti. Maphunziro ambiri a pa intaneti amayankha zimenezi poganizira munthu wa foni yakeyake, batire lodzaza, intaneti yosaduka. Munthu wotere ku Ndirande alipo, koma ambiri mwa amene adzalembere bot yanu sadzakhala otero.

Vuto limayambira pakuti makina oyankhawo sakumbukira kanthu mwa okha. Uthenga wa pa WhatsApp ukachoka pa foni umafika ku makompyuta a kampani ya Meta, iwo n'kuupereka kwa seva ya mwini bot kudzera pa adiresi yotchedwa webhook. M'kaphukusi kamene kafikako muli nambala ya wotumiza, nambala ya uthengawo, nthawi, ndi mawu ake. Zimene zinakambidwa mphindi yapitayo mulibe. HTTP, njira imene makompyuta amatumizirana zinthu pa intaneti, inapangidwa chomwecho: pempho lililonse limafika ngati loyamba. Pa mawebusaiti anapeza mankhwala ake mu 1994, pamene Lou Montulli wa ku Netscape anayambitsa cookie, kachizindikiro kamene kompyuta yanu imasunga n'kumakaonetsa ulendo uliwonse. Pa WhatsApp cookie palibe. Chimene wolemba bot ali nacho m'manja ndi nambala ya foni basi.

Zili ngati kuchipatala cha boma. Adokotala amene amaona anthu mazanamazana pa sabata sangakumbukire mankhwala amene anakulemberani mwezi watha. Limene limakumbukira ndi buku lanu lija la kuchipatala. Kusiyana kwake n'kwakuti buku la kuchipatala mumasunga nokha, pamene buku la bot amasunga ndi mwini bot, ndipo uthenga ukangofika ayenera kutola buku loyenera pakati pa zikwizikwi. M'bukumo simufunika zambiri. Mulembedwe ntchito imene munthuyo akuchita, kaya kuoda kapena kufunsa balansi, sitepe imene wafika, mayankho amene wapereka kale, ndi nthawi imene analankhula komaliza. Uthenga ukabwera, pulogalamu imatsegula bukulo, imaona kuti funso lomaliza linali lakuti nkhuku zingati, imazindikira kuti "2" ndi nkhuku ziwiri, imalemba, n'kusunthira munthuyo pa sitepe yotsatira.

Tisanapite kutali tiyenera kuvula chipewa kwa USSD, chifukwa ndiyo inaphunzitsa Amalawi kulankhula ndi makina. Airtel Money itayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba itatsatira mu 2013, anthu amene anali asanakhudzepo kompyuta anazolowera kusankha 1, 2, 3. Kafukufuku wa ofesi ya National Statistical Office wa 2019 anapeza kuti anthu 14.6 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti, pamene USSD imagwira pa kafoni ka mabatani kopanda bandulo. Pa USSD, netiweki imathandiza wolemba pulogalamu. Kampani ngati Africa's Talking ya ku Nairobi, imene imagwiranso ntchito m'Malawi, imatumiza ku seva yake nambala ya seshoni pamodzi ndi zonse zimene munthu wadina kuyambira poyamba, zitalumikizidwa ndi nyenyezi, monga 1*3*2500. Seva ikayankha ndi mawu oyamba ndi CON, macheza akupitirira. Ikayamba ndi END, atha. Koma thandizoli lili ndi mtengo wake. Seshoni ya USSD imagwira njira pa netiweki nthawi yonse imene ili yotsegula, choncho kampani ya foni singadikire munthu amene wapita kukasaka kalendala. Imadula pakangopita mphindi zochepa, ndipo tsamba limodzi silingapitirire zilembo 182. Wolemba pulogalamu wochenjera amasunga sitepe ya munthu pa nambala yake ya foni, osati pa nambala ya seshoni yokha, kuti akaimbanso posachedwa amufunse ngati akufuna kupitiriza pamene analekezera. Ndi kantchito kochepa, ndipo n'zodabwitsa kuti ambiri amakanyalanyaza.

Panalinso njira ina yakale, yozemba seshoni kotheratu. Pamene achipatala cha St Gabriel's ku Namitete anayamba kugwiritsa ntchito FrontlineSMS mu 2008, ndi pamene UNICEF inayesa RapidSMS kuno mu 2009 polondoloza kunyentchera kwa ana, macheza aatali panalibe. Pa RapidSMS mlangizi wa zaumoyo ankalemba zonse mu uthenga umodzi motsata dongosolo limene anaphunzitsidwa: nambala ya mwana, sikelo, msinkhu, muyeso wa mkono. Akalakwitsa, makina ankamuuza kuti atumizenso. Zimenezi zimatheka ndi anthu amene munawaitanira ku maphunziro. Kasitomala wa nkhuku simungamuitanire ku maphunziro. N'chifukwa chake RapidPro, imene UNICEF inatulutsa mu 2014 mogwirizana ndi kampani ya Nyaruka ya ku Rwanda, ndipo ndi imene ntchito ya mafunso a pa foni ya U-Report imayendera kuyambira pamene inafika m'Malawi mu 2018, inamangidwa pa mafunso otsatizana. Lamulo lake limodzi ndi lofunika kulitengera: munthu akayambitsidwa pa mndandanda watsopano wa mafunso, wakale uja umadulidwa. Bot ikamadikira mayankho a mafunso awiri kwa munthu mmodzi, "inde" wake sadziwika kuti akuvomera chiyani.

Kodi bukulo lisungidwe kuti? Wophunzira amalisunga m'kati mwa pulogalamu momwemo, ndipo zimayenda bwino mpaka tsiku limene seva yazima n'kuyakanso, pamenepo makasitomala onse amasanduka alendo nthawi imodzi. Ambiri amathamangira ku Redis, imene Salvatore Sanfilippo anayamba kulemba mu 2009, chifukwa ndi yachangu ndipo mungaiuze kuti ifufute chinthu yokha nthawi ikakwana. Ine ndimaona kuti kwa bot ya sitolo imodzi kapena sukulu imodzi, tebulo limodzi mu PostgreSQL kapena MySQL ndi lokwanira, ndipo limachepetsa zinthu zoti zizifa usiku. Chimene sindingalolere ndi kusunga nkhani ya ndalama pamalo pamene pamadzifufuta pokha. Oda imene yalipiridwa yasiya kukhala macheza. Ilembedwe pokhazikika.

Tsopano tafika pa funso limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse: seshoni ithe liti? Zida zotchuka zimabwera ndi nthawi zimene eni ake anaikiratu. Amazon Lex imaiwala pakapita mphindi 5 munthu ali chete ngati simunasinthe, Dialogflow CX ya Google mphindi 30, Rasa ola limodzi. Nthawi zimenezi zinaikidwa poganiza kuti munthu akakhala chete ndiye kuti wachoka. Kwathu kuno kukhala chete kuli ndi zifukwa zambiri. Mayi wogulitsa tomato mu msika wa Ndirande anali pakati pooda feteleza wa kumunda kwawo, pabwera kasitomala, pabwera wina, foni yalowa m'chikwama mpaka masana. Bambo wa ku Bangwe bandulo yamuthera pa funso lachitatu ndipo agula ina akalandira ya ganyu madzulo. Wina foni yazima, ili pa shopu yotchajitsa. Amene analipo mu 2022 akukumbukira mmene magetsi ankazimira maola ambirimbiri tsiku lililonse, namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mphamvu pafupifupi 130 megawati, ndipo zinatenga mpaka 2023 kuti ikonzedwe. M'Malichi 2023 namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu ambiri anakhala opanda magetsi, ena opanda foni zimene. Anthu onsewa sanasiye zimene ankafuna. Bot ikawalandira ndi "Takulandirani, sankhani chilankhulo", imawaonongera bandulo kawiri, ndipo kachitatu sabweranso.

Komabe kukumbukira mpaka kalekale nako kuli ndi msampha wake. Munthu amene anasiya oda Lolemba akalemba "1" Lachisanu, mwina akuyamba nkhani ina, ndipo bot ikatenga 1 ameneyu ngati chivomerezo cha oda yakale, nkhuku zifika pakhomo pa munthu amene sanaziitanitse. Mitengo nayo siima. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene sitolo inanena dzulo lake unali utasanduka mbiri yakale. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yokhala ndi mawotchi awiri. Wotchi yoyamba ndi ya ntchito, ndipo ikhale yoleza mtima: dzina, dera, zinthu zimene munthu wasankha zikhalepo tsiku lonse ngakhale masiku angapo. Akabweranso patapita nthawi, bot isangopitiriza mwakachetechete, iyambe yamukumbutsa kuti dzulo munkaoda matumba awiri, mtengo wake lero ndi wakuti, tipitirize kapena tiyambe zina? Wotchi yachiwiri ndi ya chilolezo, ndipo ikhale yaukali. Ngati munthu anatsimikizira kuti ndi iyeyo kuti aone balansi ya ngongole kapena zotsatira za mayeso a mwana, chitseko chimenecho chitsekeke pakapita mphindi zochepa. Ambiri amalakwitsa poyesa kukwaniritsa zonse ziwiri ndi nambala imodzi, ndiye imakhala yaifupi kwa wooda feteleza koma yaitali kwa woona balansi.

Pali wotchi yachitatu imene si yanu. Meta imalola bizinesi kuyankha munthu momasuka kwa maola 24 kuchokera pa uthenga wake womaliza. Akadutsa, bot singathe kumulembera chilichonse kupatula uthenga wa template, umene Meta iyenera kuuvomereza kaye, ndipo ndi wolipira. Kuyambira pa 1 Julayi 2025 malipirowo amawerengedwa pa uthenga uliwonse wotere, osati pa macheza onse monga zinalili kuyambira 2022. Messenger nayo ili ndi lamulo la maola 24. Telegram ilibe, koma pitani mu minibasi ya ku Zingwangwa mufunse amene ali ndi Telegram. Kwa kabizinesi ka ku Blantyre vuto si kukula kwa ndalamayo kokha, komanso kuti imalipiridwa mu ndalama zakunja, zimene masiku ano kuzipeza ndi nkhani ina. Choncho m'buku lija muyenera kukhala nthawi ya uthenga womaliza wa munthuyo, osati wa bot, ndipo ngati pali chomukumbutsa, chitumizidwe maolawo asanathe. Kamodzi kokha. Bot yokumbutsa katatu imathera pa block.

Nambala ya foni tanena kuti ndicho chokha chili m'manja mwa wolemba bot, ndipo n'chogwirira chosadalirika. M'nyumba zambiri foni ya WhatsApp ndi imodzi: bambo amapita nayo kuntchito, madzulo mayi amaimbira abale, mwana wa Fomu 4 amafunsirapo zakusukulu, woyandikana naye nyumba amabwereka kuti atumize uthenga. Mbali ina, munthu mmodzi ali ndi nambala ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel, WhatsApp ili pa iyi koma ndalama zili pa inayo. Amene anabwera kuchokera ku Joni ena amasungabe WhatsApp pa nambala ya +27 ali ku Machinjiri, ndipo mchemwali amene ali ku Johannesburg amaodera mayi ake a ku Bangwe, wolankhula ndi bot ali kwina, wolandira katundu ali kwina. Kalembera wa simu khadi amene MACRA inalamula mu 2018 anamanga nambala ku chiphaso cha unzika, koma chiphasocho chingakhale cha amalume amene anakalembetsa. Foni zimabedwa. Nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali kampani imaigulitsa kwa wina, ndipo mwini watsopano akalemba "Moni", bot yokumbukira bwino ingamuyankhe ndi dzina la munthu wina pamodzi ndi ngongole yake.

Chitsanzo chooneka bwino ndi Ulangizi, chatbot ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linayesa m'Malawi mu 2024. Imayankha mafunso a zaulimi m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuchokera m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi, ndipo imalandira mawu olankhula ndi zithunzi za mbewu zodwala. Popeza alimi ambiri alibe foni zamakono, amene amanyamula foni ndi mlangizi wa m'mudzi, alimi n'kumafunsira kwa iye. Kwa seva imeneyo ndi nambala imodzi, koma pansi pa mtengo pakhala gulu. Aliyense wolemba bot yogwiritsidwa ntchito motere ayenera kuganizira kuti funso la chimanga cha mayi uyu lingalowerere mu yankho la tomato wa bambo wotsatira. Mankhwala ake ndi osavuta kunena: pakhale njira yachidule yonenera kuti uyu ndi munthu wina, ndipo pa ntchito iliyonse yokhudza munthu payekha bot ifunse kuti tikuthandiza ndani lero. Funso limeneli limaoneka ngati lotayitsa nthawi kwa amene ali ndi foni yakeyake. Ndi bwino iye atayeko masekondi asanu kusiyana ndi kuti mkazi aone zimene mnzake wobwereka foni anafunsa.

Pa zaumoyo nkhaniyi imalemera kwambiri. Chipatala Cha Pa Foni, chimene VillageReach inayambitsa ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chinafalikira dziko lonse pa nambala ya 54747, chimadalira kwambiri kulankhula ndi munthu pa foni, ndipo mawu olankhulidwa sasiya zolemba m'foni. USSD nayo ikatha siisiya mafunso ndi mayankho ake poonekera. WhatsApp imasunga zonse pa foni yomweyo. Mwini bot angafufute seshoni ku seva yake, koma funso la mtsikana lokhudza kulera kapena ma ARV lidakali pa sikirini, kudikira amene atenge foniyo madzulo. Bot yaulemu imamuchenjeza munthu poyamba pomwe, imamukumbutsa kufufuta macheza akatha, ndipo siyamba yokha kutumiza uthenga wotchula matenda.

Za ndalama zili ndi lamulo limodzi losakambirana: bot isafunse nambala yachinsinsi pa macheza. Tili kale ndi akuba okwanira otumiza mauthenga oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo bot yoona ikazoloweretsa anthu kulemba PIN pa WhatsApp, yawakonzera akubawo njira. Kulipira kuchitike ku Mpamba, ku Airtel Money kapena ku banki, kumene munthu amadina PIN pa foni yake. Izi zikutanthauza kuti seshoni imagawika pawiri. Munthu watuluka mu WhatsApp kukalipira, ndipo uthenga wotsimikiza kuti ndalama zalowa ufika ku seva kudzera khomo lina, mwina pakapita masekondi khumi, mwina mawa. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi nambala ya oda imene bot inapanga isanamutumize kokalipira. Ngati seshoni yafa munthu ali kokalipira ndipo nambala ya odayo inafera limodzi, ndalama zalowa koma palibe akudziwa kuti ndi za chiyani. Mikangano yambiri ya "ndinalipira ine" imabadwira pamenepa.

Palinso mavuto ena amene saoneka pa laputopu ya wolemba bot, chifukwa iye amayesera pa Wi-Fi yabwino. Seva ikachedwa kuvomera kuti yalandira, Meta imatumizanso uthenga womwewo, ndipo ingapitirize kuyesa mpaka masiku 7. Bot yosayang'ana nambala ya uthenga imaoda kawiri. Munthu nayenso akaona kuti uthenga wake waima pa kawotchi amalemba "1" katatu, ndipo netiweki ikabwerera onse atatu amafika pamodzi, n'kumudumphitsa masitepe atatu asanawerenge n'komwe mafunso ake. Ngati seva ikugwira mauthengawo nthawi imodzi, onse amatsegula buku lija lisanasinthidwe ndipo amalembana pamwamba. Choncho mauthenga a munthu mmodzi aime pa mzere, wina atha kaye wina n'kulowa. Mabatani amathandiza, ndipo WhatsApp imalola atatu pa uthenga umodzi kapena mndandanda wa zosankha khumi, koma mabatani akale sachoka m'macheza. Munthu angakwere m'mwamba n'kudina batani la sabata yatha limene sanalidine. Batani lililonse linyamule chizindikiro cha funso ndi oda imene linabadwira, kuti bot izindikire kuti ili ndi lakale.

Ndiye pali kalembedwe kathu. Mmalawi salowa m'nyumba ya munthu n'kuyamba ndi chimene wabwerera. Uthenga woyamba ndi "Muli bwanji", wachiwiri "ndimafuna ndifunse nawo", funso lenileni lili mu wachitatu, mwinanso ndi mawu ojambula. Bot yothamanga imayankha moni ndi mndandanda wautali wa zosankha, imatenga uthenga wachiwiri ngati yankho lolakwika, n'kumuuza gogo kuti sindinamve, sankhani 1 kapena 2. Kudikira masekondi ochepa kuti mauthenga aunjikane musanayankhe kumathetsa zambiri. Moni wa pakati pa macheza, amene munthu amapereka akabweranso masana, asafufute zimene anayamba m'mawa. Ndipo povomera ena alemba inde, ena eya, ena ee, ena ok, ena atumiza chala chachikulu. Pa sitepe iliyonse pakhalenso potulukira: kubwerera m'mbuyo, kuyambiranso, kapena kuitana munthu.

Kuitana munthuko ambiri amakuiwala pokonza seshoni. Wantchito wa pa sitolo akalowa m'macheza, bot iyenera kukhala chete, apo ayi kasitomala amalandira mayankho awiri otsutsana. M'buku mulembedwe kuti macheza ali m'manja mwa munthu, ndipo wantchitoyo aone mwachidule zimene zakambidwa kuti asafunsenso dzina ndi dera. Funso lovuta ndi lakuti bot ibwerere liti. Wantchito waweruka 5 koloko osatseka nkhani, kasitomala walemba 8 koloko usiku, ndipo palibe woyankha chifukwa bot idakali yoletsedwa kulankhula. Pamenepanso pafunika wotchi, ndi uthenga woona wonena kuti amene amakuthandizani aja abwera mawa m'mawa.

Ena akuganiza kuti nzeru zamakono za mtundu wa ChatGPT zathetsa zonsezi, popeza zimaoneka ngati zimakumbukira. Kunena zoona, makina amenewa akamaitanidwa ndi pulogalamu amayankha kuchokera pa zimene apatsidwa ulendo umenewo. Kuti aoneke okumbukira, macheza am'mbuyo amawerengedwanso pamodzi ndi funso latsopano ulendo uliwonse, ndipo malipiro amatengera kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu totchedwa ma token. Chichewa chimadulidwa tizidutswa tambiri kuposa Chingerezi pa nkhani yofanana, chifukwa makinawo anaphunzira pa zolemba zochepa za chilankhulo chathu, choncho macheza aatali a m'Chichewa amadula msanga. Wolemba bot amakakamizika kusankha: atumize mauthenga angapo omaliza okha, kapena afupikitse akale. Kufupikitsako kumataya zinthu, ndipo chimene chatayika chingakhale chakuti mayiyo ananena poyamba kuti ndi woyembekezera. N'chifukwa chake mfundo zolemera, monga kuchuluka kwa ndalama, sitepe ya oda, kapena amene akufunsiridwa, zikhalebe m'tebulo lija, pamalo pamene pulogalamu ingaziwerenge mosakayika. Makina anzeruwo agwire ntchito yomva zimene munthu akutanthauza ndi kuyankha mwaulemu, koma asakhale msungichuma.

Chatsala ndi kufufuta. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene linapatsa MACRA udindo woyang'anira chitetezo cha mbiri za anthu, limafuna kuti zinthu za munthu zitoleredwe pa cholinga chodziwika ndipo zisasungidwe kupyola pamene zikufunikira. Olemba bot ambiri amakhulupirira kuti akutsatira zimenezi chifukwa seshoni zawo zimafa zokha. Koma pofuna kugwira zolakwika za pulogalamu, amalemba uthenga uliwonse wolowa mu fayilo ya log, ndipo fayilo imeneyo palibe anaiikira tsiku lofera. Makope a database amene amatengedwa usiku uliwonse nawo amasunga maseshoni amene anafufutidwa kale. Tsiku lina wolemba pulogalamu amakopera zonsezo pa laputopu yake kuti akaone vuto kunyumba, nambala za anthu, mayina a ana awo ndi ngongole zawo zili momwemo, n'kukwera nayo minibasi pa Ginnery Corner nthawi yoweruka. Pokonza bot, masiku osungira log ndi makope amenewa alembedwe pa pepala limodzi ndi nthawi ya seshoni, nambala za foni zibisidwe mu log kuyambira tsiku loyamba, ndipo mwini bizinesi, amene ndiye adzayankhe mlandu zikatuluka, auzidwe kuti mafayilo amenewa alipo ndi kumene ali.